Mlandu wa Mchere Unakathera Kuboda

Ndiyambe ndi kuulula, poti papepala palibe wondiyang'ana m'maso: mcherewo ndinathiradi. Kamodzi kokha, Lachiwiri, mwana wanga Takondwa ali ndi milungu itatu. Kuno kwathu kuseri kwa Mkanda, mkazi akangochira sagwira mchere wa m'ndiwo mpaka akuluakulu atamumasula. Amati akathira, mwamuna wodya ndiwozo amadulidwa: amayamba kutsokomola, kenako kuwonda, mapeto ake n'kumanda. Choncho kuyambira tsiku limene ndinabwera ndi khanda kuchokera kuchipatala, apongozi anga aNaphiri ndiwo ankabwera ndi kachitini kawo kudzandithirira. Koma Lachiwiri limenelo mudzi wonse unali kumaliro, nkhwani uli pamoto ukufuna kupserera. Ndinasuzumira pakhomo ngati wakuba nkhuku, n'kutsina mchere, waa! Bambo a Takondwa anadya mpaka kunyambita zala.

Patapita miyezi itatu anayamba kutsokomola.

Kuchipatala chaching'ono tinapitako. Anawapatsa kabotolo koti alavuliremo makhololo, koma chifuwa chawo chinali chouma, cha khoo khoo ngati mbuzi yotsamwa ndi chitsononkho. Anangowapatsa mapilitsi n'kuwauza kuti chikapanda kusiya akajambulidwe m'chifuwa. Sichinasiye. Apa mpamene apongozi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Make Takondwa, chifuwa ichi si cha chipatala. Mwana wanga wadulidwa. Unagwirapo mchere iwe?"

"Iyayi amayi."

"Yang'ana kuno poyankha."

Ndinayang'ana zala zawo zakumapazi n'kubwereza bodza langa. Mawa lake anatumiza mawu kwa ankhoswe kuti Loweruka adzakhale pansi. Tanthauzo lake aliyense ankalidziwa: ndibwezedwe kwathu kwa Zulu, nditasenza mbiri yoti ndinafuna kupha mwamuna ndi ndiwo. Chowawa kwambiri chinali chakuti inenso mumtima ndinkakhulupirira pang'ono.

Kusikelo ya ana, alangizi a zaumoyo anali atalengeza kuti m'misika mukuyenda gulu la achipatala lokhala ndi makina ojambula m'chifuwa, kwaulere, yankho n'kutuluka pomwepo. Ine ndinati basi, woweruza wanga ndi ameneyo. Akapeza chifuwa chachikulu mwa bambo a Takondwa, ndiye kuti si mchere. Taonani mkazi wabwino: ndinkapempherera mwamuna wanga TB.

Makinawo anali pa Mkanda Lachitatu. Ife tinanyamuka Lachinayi. Lachitatulo bambo a Takondwa ankamanga mabelo a fodya, ndipo ine, amene mudzi wonse umanditama kuti ndine wodekha, sindikakamiza mwamuna, ndinati, "Malizani kaye, sangachoke tsiku limodzi."

Tinakwera njinga yathu dzuwa lisanatuluke, mu Julaye, kuzizira kolowa m'mafupa. Iwo akupalasa, ine pakaliyala, Takondwa kumsana. Kuzizira konseko ine ndinali nditadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, koma ndinati ndi mmene amakhalira mayi woyamwitsa. Pachitunda chilichonse tinkatsika n'kumakankha, iwo akutsokomola poyera, ine ndili wefuwefu n'kumanamizira kulemera kwa mwana. Tisanafike pamlatho chubu chinaphulika. Anachimanga ndi mphira pobookapo, ndipo kuchokera apo tayala linkadumpha ngati chule. Miyala yonse ya msewu umenewo ndikuidziwa, osati ndi maso.

Pa Mkanda tinapeza mapazi okhaokha. Mayi wogulitsa zitumbuwa anatiyang'ana ngati anthu obwera kuukwati mbale zitatsukidwa kale.

"Aja ojambula aja? Dzulo, mayi. Lero akuti ali ku Kapiri."

"Tizibwerera," anatero bambo a Takondwa, nkhope ili ngwee.

"Kapiri si kumwamba," ndinatero ine.

Njinga tinaisiya kwa wokonza njinga, n'kukwera lole ya matumba a soya. Dalaivala anati tinyamuka pompano. Nthawi inali teni koloko. Pompanoyo inakwana dzuwa lili paliwombo, titaona matumba ena akubwera pangolo ya ng'ombe zosafulumira. Pokwera, bambo wina wonenepa amene anali ndi mbuzi ziwiri anandikoka dzanja, ndipo ndinachita kuulukira pamwamba pa matumba.

"Aa, mayi inu! Opepuka ngati thumba la makoko a mtedza!"

Ndinamwetulira ngati andiyamikira. Siketi yanga yaukwati inali itayamba kale kugwira ndi pini, ine n'kumati thupi la utsikana labwerera.

Tili pakati pa ulendo, lole inayamba kufuka nthunzi kutsogolo n'kuima. Radiyeta yawira. Anatilanda madzi akumwa tonse, osakwanira. Amuna anazungulira injini, aliyense akupereka nzeru manja ali m'thumba, ife amayi n'kutipatsa zigubu kuti tikatunge kudambo. Pobwerako chifuwa chinandigwira, ndinachitsekera m'chitenje monga ndinkachitira masiku onse. M'nyumba imene mwamuna akutsokomola, mkazi satsokomola. Zimaoneka ngati mpikisano.

Nditakweranso ndinapeza mbuzi za bambo uja zatha mbatata yathu yakamba, zikuyamba pepala. Mwini wake sanapepese, anali otanganidwa kuyeza mwamuna wanga ndi maso.

"Achimwene, mukuti mukupita kukajambulidwa? Ndikuuzeni monga mwamuna mnzanu. Moto wa makina aja umaumitsa mphamvu za m'nyumba. Msuweni wanga anajambulidwa. Mpaka lero mkazi wake amangomuphikira basi."

"Komanso amakoka magazi osakubaya," anawonjezera mayi wina wa dengu la tomato.

Atamva zimenezi, ngakhale chifuwa cha bambo a Takondwa chinachita mantha, chinayamba kutuluka chapansipansi.

Ku Kapiri tinafika folo koloko, tili mbuu ndi fumbi ngati otuluka m'chigayo. Achipatala anali atapita. Mlonda wa pamsika anati mawa ali kwa Kamwendo. Tinakwera minibasi ndi ndalama yomwe ndinasungira nsapato za Takondwa, amene sanayambe n'kukwawa komwe, n'kukagona kwa mkulu wanga wogulitsa kaunjika kwa Kamwendo. Atangondiona anagwira pakamwa.

"Iwe Esinati, kuwonda kumeneku? Sakukupatsa chakudya kumeneko?"

"Kuyamwitsa, achemwali. Wodwala ndi uyu."

Lachisanu sikisi koloko inatipeza titakhala kale pansi pa mtengo moyang'anana ndi msika. Lero lokha sitiphonya. Ine m'mutu mwanga makina ojambula munthu mkati anali chinthu chachikulu ngati chigayo, chobwera pa chilole chokhala ngati nyumba. Ndiye ndinkangoyang'ana malole. Cha m'ma seveni panaima kagalimoto koyera kapikapu, kumbuyo kuli zikwama ziwiri ndi mipando yapulasitiki. Anthu atatu anatsika, anagula mandasi, mmodzi anamuseweretsa Takondwa patsaya. Ponyamuka ndinagwira kadzanja ka mwana n'kuwabayibitsa.

Tinakhala. Mthunzi unasuntha, ife n'kusuntha nawo. Ndinayamwitsa, ndinasintha thewera, ndinayamwitsanso. Bambo a Takondwa anati tifunse, ine ndinati kufunsafunsa n'kwa anthu osaleredwa, chinthu chachikulu ngati chimenecho sichingatidutse. Dzuwa litafika pamutu iwo anapita kukagula nzimbe, ndipo anabwera ndi wakabaza wina akuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mayi, ndinu amene mukudikira ojambula? Si aja munawabayibitsa m'mawa aja! Asintha, apita kuboda. Akuti kwadzaza madalaivala a mathiraki."

Ndinatafuna nzimbe ija ngati ndi imene yandilakwira.

Minibasi yopita kuboma ku Mchinji inali yochokera ku Lilongwe, yodzaza kale, koma kondakitala anati muli malo a anthu awiri ndi theka. Anatipanikiza pampando wa kumbuyo pamodzi ndi mayi wina wamkulu thupi, wovala duku lalitali, atakumbatira mtolo wa zitenje zatsopano. Titangodutsa pa rodibuloko, bambo a Takondwa anandinong'oneza, koma kunong'ona kwa munthu wachifuwa kumamveka minibasi yonse.

"Tikafika paboma tikhotere kumudzi. Ine zojambulidwa ayi. Bola chifuwa kusiyana ndi zija ananena bambo wambuzi."

"Zija ziti, baba?" anafunsa mayi wadukuyo. Chichewa chake chinali chopindika, cha anthu a ku Congo. Anati dzina lake ndi Mama Safi, amagulitsa zitenje uku ndi uku kudutsa boda. Ine, poti manyazi ndinali nditawasiya pansi pa mtengo kwa Kamwendo, ndinamufotokozera zonse, kupatula za Lachiwiri lija.

Sanaseke msanga. Anati kwawo nkhondo italowa m'tauni, chipatala chinatenthedwa, madokotala anathawa, ena anaphedwa. Iwo anayenda pansi masiku ambiri mpaka kumsasa wa othawa, kumene ankagona mabanja angapo mutenti imodzi, wina akatsokomola onse n'kupuma chomwecho. Mng'ono wake anatsokomola mpaka kumwalira, popanda womuuza dzina la matenda ake.

"Kenako anabwera anthu awiri panjinga yamoto, ndi zikwama ziwiri. Magetsi kulibe, dokotala wowerenga chithunzi kulibe. Anaimika bolodi pansi pa mtengo. Kompyuta ndi imene inawerenga chifuwa changa. Ndinamwa mankhwala miyezi sikisi. Ndione lero, mpando uno ukundikwana?"

"Sukukukwanani," anayankha wina kutsogolo, "tikumva ndife."

"Nanga amuna anu?" anafunsa bambo a Takondwa, maso ali pawindo.

"Anajambulidwa tsiku lomwelo. Chaka chotsatira, mapasa. Baba, ngati ukuopa mapasa, nena."

Minibasi yonse inaphulika, mpaka dalaivala anaomba hutala. Bambo a Takondwa anaseka nawo, kuseka n'kusanduka chifuwa, koma paboma sanatchulenso zokhota.

Kuchoka paboma kupita kuboda tinakwera katakisi, anthu seveni ndi mtolo wa Mama Safi uli pamiyendo panga. Mathiraki anali atandandalika mbali mwa msewu ngati sitima. Chapatali pang'ono ndi geti ndinaona kapikapu koyera kaja, katenti, ndi mzere wa amuna. Mkati munali bolodi loimikidwa pamiyendo yachitsulo, chinthu chonga kamera yaikulu, ndi kompyuta yopinda patebulo. Zikwama ziwiri zija zinali pansi, zopanda kanthu.

Bambo uja anamuseweretsa Takondwa m'mawa anandizindikira. Pachifuwa pake panalembedwa kuti Jere.

"Aa, si amayi a kwa Kamwendo aja? Mwatitsatira kudzatibayibitsanso?"

"Makinawo ali kuti?" ndinafunsa.

"Ndi amenewa."

Masiku awiri, chubu chimodzi, mbatata yonse ndi nsapato za mwana, kulondola chinthu chochepa kuposa makina osokera.

Tili pamzere, a Jere ankafotokozera madalaivala kuti makinawo anapangidwa kuti azifika kumene galimoto ndi magetsi sizifika, ngakhale kumene kuli nkhondo, ndipo amayendera batire. Kompyutayo akuti anaionetsa zithunzi za mapapo zambirimbiri, za odwala ndi za abwino, mpaka inaphunzira kusiyanitsa. Ikaona chokayikitsa imapaka mtundu pamalopo. Ine ndinkagwedeza mutu ngati ndinathandiza nawo kuiphunzitsa, kwinaku ndikugunda mwamuna wanga ndi chigongono kuti amve.

Itakwana nthawi yawo, mapazi a bambo a Takondwa anamera mizu. Kumbuyo madalaivala ayamba kudandaula. Mama Safi, amene anati sawoloka boda asanaone mapeto ake, anali atapinda manja. Apa mpamene ndinadzuka ine mphunzitsi wamkulu.

"Taimani ndiyambe ine, muone kuti saluma."

Ndinapereka Takondwa kwa Mama Safi. Anesi anandifunsa ngati ndili ndi pathupi, ndinati ndi khanda ilo, mundipatse mpata. Anati ndichotse chilichonse chachitsulo. Ndinatulutsa foni mu kamisolo, kenako kamisolo yemwe, kenako pini. Pini itachoka siketi inayamba ulendo wopita pansi, ndinaigwira ndi zigongono. Ndinagunditsa chifuwa pabolodi lozizira. Kokani mpweya, gwirani, tulutsani. Basi. Ndinatuluka ndikuyenda monyada ngati ndawoloka Bua wodzaza.

"Mwaona? Magazi anga onse ali momwemo."

Analowa. Anawavulitsa chithumwa chimene amayi awo anawamangirira pachifuwa, anesi n'kuchiika patebulo pambali pa kompyuta mwaulemu wonse, ngati akuluakulu awiri akumana. Pasanathe nthawi yoti n'kumangiranso mwana kumsana, a Jere anatiitana tonse awiri.

"Bambo, chithunzi chanu chili bwino. Kompyuta sinapeze chokayikitsa, nanenso sindikuona kanthu. Mumagwira ntchito yanji?"

"Fodya."

"M'chigafa, kusankha ndi kumanga? Fumbi limenelo limakanda pakhosi. Muzimanga kansalu pamphuno, ndipo mawa mukaonane ndi adokotala paboma akupimeni bwino."

Mwamuna wanga anapumira m'mwamba. Ngati si TB, ndiye ndi mchere. Woweruza amene ndinamulondola boma lonse la Mchinji wandigamula ndekha. Ndinayamba kuganiza kuti ndi mapoto ati amene ndi anga oti ndinyamule popita kwa Zulu.

"Koma mayi, inu takhalani pansi."

Anatembenuza kompyuta. Ndinaona nthiti zanga zili ndandanda ngati mipanda ya khola, ndipo m'mwamba chakuphewa lamanja munali chibanga chofiira.

"Mumatuluka thukuta pogona?"

"Kuyamwitsa."

"Mwatsika thupi?"

"Kuyamwitsa."

"Mumatsokomola?"

Ndinati ndiyankhe, chifuwa chinandiyankhira. Chinatuluka chonse chimene ndinachitsekera m'chitenje miyezi iwiri, pamaso pa madalaivala a mayiko atatu.

"Musachite mantha," anatero a Jere. "Kompyutayi siweruza, imangoloza chala. Chotsimikiza ndi makhololo."

Anandipatsa kabotolo. Chimene mwamuna wanga analephera mwezi wathunthu, ine ndinachichita kuseri kwa thiraki kamodzi n'kamodzi. Anandiveka masiki n'kunena kuti yankho tikalipeza mawa m'mawa kuchipatala cha paboma.

"Nanga mwanayu?" ndinafunsa. "Ndimagona naye, ndimamupumira kumaso."

"Mubwere naye amupime. Akapezeka bwino, pali mankhwala omuteteza. Bere musamuchotse."

Mama Safi anandibwezera Takondwa, nasolola chitenje chimodzi pamtolo wake n'kundimanga nacho m'chiuno pamwamba pa siketi yothawa ija. "Dada, mchemwali wanga, miyezi sikisi, osadumpha ngakhale tsiku. Ukanenepa udzandilipire." Anawoloka geti osacheuka.

Tinagona kwa mnzawo wa bambo a Takondwa paboma. Loweruka m'mawa tinali pabenchi ya chipatala, kudikira. Kudikira kumeneku kunali kwina, sindinakutame. Ndinayang'ana mwamuna wanga akuyendetsa mwana uku ndi uku, ndipo mawu anangotuluka okha m'masiki.

"Bambo a Takondwa, mchere uja ndinathira. Tsiku la maliro lija."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Mchere wa amayi umangodutsa pamwamba ngati mlendo. Tsiku lija ndiwo zinakoma."

"Ndiye osanena, amayi akundifunsa kuseri kwa nkhokwe?"

"Ndikananena ukanapita kwa Zulu. Ndinati bola ndizitsokomola."

Munthu ameneyu mwezi wonse ankakhulupirira kuti ndamudula, n'kumadyabe ndiwo zanga. Ine ndinkamupempherera TB. Masiki ali ndi ubwino umodzi, amamwa misozi.

Yankho linatuluka: chifuwa chachikulu, changa. Takondwa anamupima n'kumupeza bwino, anamupatsa mankhwala omuteteza. Bambo ake anawauza zofanana ndi za a Jere. Ine anandipatsa mapilitsi ndi khadi, nati pakhale munthu mmodzi pakhomo wondionerera ndikumeza tsiku lililonse n'kumachonga.

Pobwerera tinakwera galimoto yochoka paboma kulunjika pa Mkanda. Mwana asanamalize tulo tinali titafika. Msewu umenewu unalipo Lachinayi lomwe, pamphuno pathu, ife n'kuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Njinga tinaipeza yamatidwa, ndipo dzuwa likupendeka tinalowa m'mudzi.

Ankhoswe anali atakhala kale pamphasa, amalume anga ochokera kwa Zulu ali pomwepo ndi jekete lawo la milandu. Apongozi anadabwa kuona masiki kumaso kwanga osati kwa mwana wawo. Ndinagwada n'kupereka mapepala onse awiri. Amalume anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, kenako anabwerezanso, poti anaona kuti akukoma.

Apongozi anayang'ana mwana wawo, anayang'ana ine.

"Ndiye ngati wodwala ndi uyu, wamudula ndani?"

Bambo a Takondwa anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi.

"Kaya, amayi. Miyezi isanu yonseyi mchere wa m'ndiwo zake umachokera m'dzanja lanu."

Amalume anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi, mapewa akugwedezeka, nkhope atabisa mujekete.

"Nanunso mukajambulidwe," anatero apongozi, n'kudzuka kukalowa m'nyumba. Mlandu unathera pomwepo, popanda woutseka.

M'mawa mwake ndikukoleza moto ndinamva mapazi. Apongozi anaika kachitini ka mchere pambali pa mafuwa, kaa!

"Uzithira wekha. Dzanja langa lisatchulidwenso pabwalo."

"Zikomo amayi."

"Khadi lija lili kuti? Mwamuna wakoyu angaiwale, mutu wake uli kufodya. Ndizichonga ine."

Lero ndili mwezi wachinayi wa mankhwala. Pini ndinaibwezera pa thewera, siketi ikudzigwira yokha. Tsiku lililonse tambala akangotsika, aNaphiri amakhala ali pakhomo ndi kapu yamadzi ndi bolopeni yomangirira kuchitenje. Amandiika mapilitsi m'dzanja, n'kuima pafupi ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

"Yang'ana kuno pomeza."

Ndipo ndimayang'ana.